Mwana Wofinya Maso Pabolodi: Kodi Foni Ingamuthandize?

Mawu awa analankhulidwa pamsonkhano wa makolo ku Mtendere mu Lusaka, Loweruka masana. Wolankhula ndi mayi amene amagwira ntchito yoyeza maso.

Zikomo a tcheyamani. Amayi, abambo, agogo muli kumbuyoko, ndakuonani nonse. Mwaswera bwanji? Eya, nanenso ndaswera bwino. Amene mwaima pakhomopo lowani, benchi iyi ili ndi malo. Ana asiyeni asewere panjapo, musawaitane ayi, chifukwa zimene akuchitazo ndi mbali ya nkhani yathu ya lero.

Ndiyambe ndi chimene chandibweretsa. Mwezi wathawu kuntchito kwathu kunabwera mayi wina ndi mtsikana wake wa giredi 5. Kusukulu ankamunena kuti ndi waulesi, amangokopera za mnzake m'malo moyang'ana pabolodi. Mayi ake anali atazindikira kale kuti vuto ndi maso, koma magalasi sankawafuna. Anaona uthenga pagulu la WhatsApp wonena kuti kuli pulogalamu ya pafoni yochiritsa maso a ana: mwana azitsatira kadontho koyendayenda pasikirini m'mawa ndi madzulo, pakatha miyezi itatu aziona ngati kale. Iwo analipira. Mwezi ndi mwezi ankatumiza ndalama yoti akanagula nayo thumba la ufa, mpaka chaka chinatha. Nditamuimika mwanayo kutsogolo kwa tchati ya zilembo yoyezera maso, chilembo chachikulu chapamwamba chokha ndicho anatha kuchitchula. Mayi aja misozi inalengeza. Sindinawadzudzule, ndipo lero sindikuwadzudzula, chifukwa anachita zimene kholo lokonda mwana lingachite. Amene ndamusungira mkwiyo ndi wogulitsa uja.

Komabe ndikanati ndingobwera kudzakuuzani kuti zonse za pafoni n'zabodza, ndikanakunamizani. Alipo akatswiri enieni amene akuyesetsa kupanga mankhwala a maso omwe si mapiritsi kapena madontho, koma pulogalamu ya pafoni. Ndiye tipete bwino lero, gaga apite, mphale itsale m'lichero.

Choyamba tidziwe chimene chimachitika m'disomo. Vuto losaona patali, limene kuchipatala timalitchula kuti myopia, si kufooka kwa diso monga mmene mwendo umafookera. Ndi kutalika. Diso labwino ndi lozungulira ngati ndimu, koma la mwana wa vutoli limakulira chakumbuyo ngati dzira. Kuwala kukalowa kutsogolo kumayenera kukagwera ndendende pa kansalu kamene kali kumbuyo kwa diso, kotchedwa retina. Amene munaonerapo kanema woonetsedwa pansalu kutchalitchi mukudziwa kuti wina akaisunthira nsaluyo kumbuyo pang'ono, chithunzi chimangoti mbuu. Ndi zomwezo. Khanda limabadwa ndi diso lotalika mamilimita pafupifupi 17, ndipo la munthu wamkulu limakhala pa 23 kapena 24. Likapitirira ndi milimita imodzi yokha, kanthu kochepa ngati kamchenga, mwana amafunika magalasi a mphamvu ya -2.50 kapena -3.00.

Manambala amenewa musamaope mukawaona papepala. Mwana wa -1.00 amaona bwino mpaka mita imodzi, kupitirira apo zinthu zimayamba kusokonekera. Wa -2.00 amaona bwino mpaka theka la mita. Wa -4.00 dziko lake looneka bwino limathera pa masentimita 25. Tangoganizani mwana wotereyu atakhala kumbuyo m'kalasi lodzaza monga makalasi athu akhalira chiyambireni maphunziro aulere mu 2022. Pabolodi saonapo choko, amangoona utsi.

Tsono mfundo imene ndikufuna mupite nayo kunyumba ndi iyi: diso likatalika silibwerera. Mwana wanu akakula msinkhu, mungamufupikitse? Simungathe. Diso n'chimodzimodzi. Aliyense wokuuzani kuti ali ndi pulogalamu, mankhwala, kapena masewera a maso obwezeretsa diso lotalika, akukuberani. Chimene madokotala a dziko lonse akulimbana nacho n'chochepa kuposa pamenepo, koma n'chamtengo wapatali: kuchedwetsa kutalikako, kuti mwana amene akanafika pa -6.00 akaime pa -3.00.

Wina angafunse kuti, nanga zili ndi ntchito yanji, poti onse awiri avalabe magalasi? Zili nayo ntchito, abambo. Diso likatalika kwambiri, kansalu kaja kamakokeka n'kupyapyala ngati chitenje chakale. Katha kung'ambika kapena kumatuka munthu ali pakati pa zaka zake zogwira ntchito. Matenda a glaucoma, owononga mtsempha wa diso, ndi ng'ala nawonso amakonda maso otere. Akatswiri awiri, Mark Bullimore ndi Noel Brennan, anawerengera mu 2019 kuti kupulumutsa nambala imodzi yokha pa magalasi a mwana kumachepetsa ndi 40 peresenti chiopsezo choti pakati pa kansaluko padzawonongeke akadzakula. Mmera mpoyamba, paja akulu anatero, ndipo pa diso mpoyamba pake ndi zaka za kupulayimale. Mwana amene vutoli lamuyamba ali ndi zaka 6 kapena 7 ali ndi zaka zambiri zoti diso lizitalikabe, kusiyana ndi amene lamuyamba ali ndi 14.

N'chiyani chimatalikitsa diso? Kumtundu kuliko, inde. Ngati bambo ndi mayi onse saona patali, mwana wawo muzimuyang'anitsitsa. Koma mtundu susintha m'mibadwo iwiri, pomwe vutoli lasintha. M'mizinda ya ku China, Taiwan, Singapore ndi South Korea, achinyamata 8 kapena 9 pa 10 aliwonse omaliza sekondale saona patali, pomwe agogo awo ambiri analibe vutoli. Ku Seoul, likulu la South Korea, atayeza anyamata a zaka 19, anapeza kuti oposa 96 pa 100 ali nalo. Mu 2016 akatswiri a bungwe la Brien Holden Vision Institute ku Australia anawerengera kuti zinthu zikapitirira chonchi, pofika 2050 theka la anthu onse padziko adzakhala osaona patali.

Kafukufuku amene ineyo ananditsegula m'maso ndi wa Kathryn Rose ndi anzake, wa mu 2008. Anayerekeza ana a mtundu wa Chitchaina a zaka 6 ndi 7 okhala ku Sydney m'dziko la Australia ndi anzawo okhala ku Singapore. Magazi amodzi, makolo ovala magalasi mofanana. Ku Singapore ana 29 pa 100 anali ndi vutoli. Ku Sydney atatu okha. Kodi a ku Sydney sankawerenga? Ankawerenga, ndipo mabuku ambiri kuposa anzawowo. Kusiyana kunali panja. A ku Sydney ankakhala panja maola pafupifupi 14 pa sabata, a ku Singapore maola atatu basi. Pambuyo pake ku Guangzhou m'dziko la China anayesa dala: masukulu ena anawonjezera mphindi 40 za panja tsiku lililonse, ena ayi. Patatha zaka zitatu, m'masukulu a panja aja ana 30 pa 100 ndiwo anayamba vutoli, m'masukulu enawo pafupifupi 40. Boma la Taiwan linayambitsa mu 2010 dongosolo loti ana asukulu azikhala panja mphindi 120 tsiku lililonse, ndipo chiwerengero cha ana osaona bwino chimene chinkangokwera chaka ndi chaka chinayamba kutsika.

Chinsinsi chake ndi kuwala. Kuwala kwambiri kukafika pa kansalu kaja, diso limatulutsa kamadzi kotchedwa dopamine, ndipo kamadzi kameneka kamakhala ngati buleki, kamauza diso kuti lisathamange kukula. M'chipinda chowala bwino muyeso wa kuwala umakhala 300 kapena 500. Panja pamthunzi wa mtengo umapitirira 1,000, ndipo padzuwa la masana umafika masauzande makumimakumi. M'nyumba zathu za m'komboni, za windo limodzi lotchingidwa ndi katani, ngakhale 300 yo sitiifika. Liu limeneli, dopamine, mulisunge, tilipezanso posachedwa.

Kuno ku Africa tikadali pabwino. Akaphatikiza kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amapeza ana pafupifupi 5 pa 100, ndipo m'tauni ndi ochuluka kuposa kumudzi. Koma tayang'anani mmene tikulerera ana mu Lusaka muno. Ife tinakulira pa waida, chiyato, gemu, chidunu, anyamata pa chimpombwa mpaka amayi kukawatenga ndi kamtengo. Lero bwalo limene tinkasewerapo anamangapo nyumba za lendi. Mwana akaweruka kusukulu amapita ku tyushoni, akabwerako timamutsekera m'geti poopa magalimoto ndi anthu oipa, ndipo mantha amenewa ndi oona, sindikuwapeputsa. Akayamba kuvuta timamupatsa foni kuti tiphike mwamtendere. Magetsi akapita amaonera foniyo mumdima, itagunda pamphuno. Masukulu atatsekedwa mu 2020 chifukwa cha Covid, ku Feicheng m'dziko la China anapeza kuti ana a zaka 6 osaona patali anachuluka kuposa katatu poyerekeza ndi zaka zam'mbuyo. Miyezi yochepa chabe ya m'nyumba. Njira imene anzathu a ku Asia anadutsa, ifenso taiyamba.

Tsopano tibwere ku mapulogalamu. Ndiyamba ndi imene ili yodabwitsa kwambiri, koma kuti muimvetse, tichite kanthu limodzi. Tambasulani manja onse awiri kutsogolo, zala zazikulu ziloze kumwamba, zigundane. Tsinzinani diso lakumanzere. Ndi diso lakumanja yang'anitsitsani chala chakumanzere, osachisiya. Tsopano chala chakumanja chisunthireni kumanja pang'onopang'ono. Osachiyang'ana, agogo, diso likhale pa chinacho. Pitirizani. Eya! Amayi apo afuula, chasowa eti? Nsonga ya chala yazimiririka, mukapitiriza ikuonekanso. Si matsenga, ndipo simukudwala. Munthu aliyense ali ndi kamalo kakhungu m'diso lililonse, pamene mtsempha waukulu umatulukira kupita ku ubongo. Pamalo amenewo palibe timaselo toonera.

Kampani ina ya ku Berlin m'dziko la Germany, dzina lake Dopavision, inaganiza motere: pakamalo kakhunguko pamadutsa timitsempha timene timamva kuwala kwa buluu, ndipo tikadzutsidwa tingachititse diso kutulutsa dopamine uja. Ndiye anapanga pulogalamu yotchedwa MyopiaX. Foni amailowetsa m'chipewa chovala kumaso chija achinyamata amachitcha VR, mwana n'kumasewera gemu. Pamene maso ake ali pa gemuyo, pulogalamu imawalitsa kuwala kwa buluu kolunjika pa kamalo kakhungu kaja, moti mwanayo sakuona n'komwe. Amachita zimenezi kawiri pa tsiku, kwa mphindi ngati khumi. Anaiyesa pa ana m'zipatala za m'maiko angapo a ku Ulaya. Nzeru yake ndimaigomera, ndipo ndikufunitsitsa itadzatheka. Koma umboni woti imachedwetsa diso monga njira zina zimene ndikuuzeni sunakwane, ikadali pa mlingo wa kafukufuku. Munthu akakuuzani kuti ali nayo pa memory card ku Town Centre, m'tembenukireni msana.

Mwaona chimene akatswiriwo akuchita? Akuwononga ndalama zambirimbiri kuti foni itsanzire chimene dzuwa limachita m'diso. Iwo ali ndi chifukwa, kwawo nyengo yozizira dzuwa limalowa 4 koloko masana, ndipo ana amatha miyezi ali m'nyumba. Ife kuno kuyambira Epulo mpaka Okutobala mtambo wa mvula sitiuona. Chimene a ku Berlin akuchisakasaka m'foni chili pabwalopo pamene ana anu akuthamanga.

Pali pulogalamu ina imene ogulitsa amakonda kubisalirako. Mu Okutobala 2021 bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linavomereza Luminopia, yoti ana a zaka 4 mpaka 7 azionera makatuni m'chipewa cha VR ola limodzi pa tsiku, masiku 6 pa sabata. Imeneyi ndi yovomerezekadi. Koma si ya vuto losaona patali. Ndi ya diso laulesi, pamene ubongo wa mwana umazolowera kugwiritsa ntchito diso limodzi n'kulinyalanyaza linalo. Pulogalamuyo imazimitsako chithunzi cha diso lamphamvu kuti ubongo ukakamizike kumvera lofookalo. Ubongo umaphunzitsika, n'chifukwa chake zimatheka. Kutalika kwa diso sikuphunzitsika. Ndiye mukamva kuti ku America anavomereza kuchiza maso ndi makatuni, funsani kuti matenda ake ati. Safunsa anadya phula.

Nanga za kadontho koyendayenda zija, zimene mayi uja analipira? Masewera olimbitsa maso si atsopano. Ku China ana asukulu akhala akusisita m'mbali mwa maso tsiku lililonse m'kalasi kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndipo ndi komweko kumene vutoli lafika pa achinyamata 8 mwa 10 omaliza sekondale. Ku America boma linalipiritsa eni ake a pulogalamu yotchedwa UltimEyes madola 150,000 chifukwa cholengeza kuti imanola maso popanda umboni wokwanira. Kumeneko ali ndi owagwira. Kuno uthenga ukalowa pa WhatsApp, mlonda ndinu nokha. Chimodzimodzi zija zosintha sikirini kukhala yachikasu usiku, kapena magalasi amene amati amatchinga kuwala kwa buluu: palibe umboni woti zimaletsa diso kutalika.

Ndichenjezenso za kuwala kofiira. Ku China kuli makina amene mwana amasuzumiramo kuwala kofiira mphindi zitatu, kawiri pa tsiku. Pa kafukufuku anaonetsa kuti amachedwetsadi diso, koma mu 2023 madokotala analemba za mtsikana wa zaka 12 amene kansalu kake kanavulala atawagwiritsa ntchito, ndipo boma la China lakhwimitsa malamulo a makina amenewa. Chonde, chonde, wina asatenge katochi ka leza kogula pamsika n'kuunikira mwana m'maso. Diso limapsa, ndipo chipsera chake sichichoka. Dzuwanso mwana asaliyang'ane mwachindunji. Kuwala kumene tikukufuna ndi kongomuzungulira ali panja.

Ndiye kodi foni ilibe phindu? Ili nalo, ndipo pamenepa ndi pomwe mtima wanga uli. Phindu loyamba ndi kulondera. Kuyambira 2023 mafoni ambiri a iPhone ali ndi kachipangizo kotchedwa Screen Distance: mwana akaigwira foni pafupi kuposa masentimita 30 kwa nthawi, sikirini imatsekeka mpaka aitalikitse. Ndikudziwa kuti ambiri muno tili ndi Tecno ndi Itel. Pa amenewa pali Family Link ya Google, yaulere, imene kholo limaikira malire a nthawi, ikakwana foni imadzitseka yokha. Izi sizichiza kanthu, zimangogwira ntchito ya agogo amene ankatikalipira kuti buku lichoke pamphuno. Ndipo masentimita 30 ndi rula ya kusukulu ija. Ili m'chikwama cha mwana wanu. Buku kapena foni isayandikire kumaso kuposa rula imeneyo, ndipo akawerenga kwa theka la ola adzuke, akasuzumire kumsewu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse, la WHO, limalangiza kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamapatsidwe sikirini, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi pa tsiku.

Phindu lachiwiri ndi lalikulu kuposa onse, ndilo kupeza mwana amene ali ndi vuto. Mwana sadandaula, chifukwa amaganiza kuti aliyense amaona mmene iye amaonera. Dokotala wina wa ku Britain, Andrew Bastawrous, amene iye mwini anavutika kusukulu asanalandire magalasi, anayambitsa pulogalamu yotchedwa Peek. Imaonetsa chilembo E chotembenukira mbali zosiyanasiyana, mwana n'kumaloza ndi dzanja kumene miyendo yake yaloza, moti ngakhale wosadziwa kuwerenga amayezeka. Ku Trans Nzoia m'dziko la Kenya anaipereka kwa aphunzitsi kuti ayeze ana m'masukulu. Mwana akalephera, foni inkaonetsa mmene iye amaonera dziko, chimbuuzi chake chonse, ndipo makolo ankalandira mauthenga owakumbutsa kupita kuchipatala. Zotsatira zinatuluka mu 2018: mwa ana oyezedwa ndi foni amene anatumizidwa kuchipatala, 54 pa 100 anakafikadi, pomwe mwa oyezedwa ndi khadi wamba anafika 22 okha. Taonani pamene foni inapambanira. Sinakhudze diso la mwana, inakhudza mtima wa kholo. Nalo bungwe la WHO linatulutsa mu 2023 pulogalamu yaulere yotchedwa WHOeyes, yoyezera anthu a zaka 8 kupita m'tsogolo. Zimenezi zikakuuzani kuti pali vuto, ulendo wake ndi wa kuchipatala, osati wokagula magalasi apathebulo kumsika wa Soweto.

Kuchipatalako kuli chiyani? Choyamba magalasi oyenera, oyezedwa bwino. Mwana wamng'ono timayamba tamudontheza mankhwala otanula kamwana ka diso, kuti diso lisatinamize nambala. Amaona mbuu kwa tsiku limodzi kapena awiri, kenako zimatha, musachite mantha. Zochedwetsa kutalika zimene zili ndi umboni weniweni ndi izi. Pali madontho a atropine osungunulidwa kwambiri, amene anawayesa kwa zaka zambiri ku Singapore ndi ku Hong Kong. Awa ndi a dokotala yekha. Atropine wamba ndi wamphamvu kwambiri, musayese kusungunula nokha kunyumba. Pali magalasi apadera okhala ndi timagalasi tating'onoting'ono mazanamazana mozungulira pakati, monga MiYOSMART amene kampani ya Hoya inapanga ndi yunivesite ya Hong Kong Polytechnic. Pa zaka ziwiri za kafukufuku anachedwetsa vutoli ndi theka ndi kupitirirako. Palinso tovala padiso penipeni totchedwa MiSight, timene FDA inavomereza mu 2019, koma ndi fumbi lathuli ndi kusowa kwa madzi, ine sindithamangira kutilimbikitsa kwa mwana wamng'ono. Sindikubisirani, zapaderazi n'zodula, mabanja ambiri muno sangazikwanitse, ndipo zimandipweteka. Koma kuyezetsa kuli pafupi. Yambirani kukiliniki yanu, akakutumizeni ku chipatala cha maso cha UTH kapena ku Levy Mwanawasa. Kulinso Lusaka Eye Hospital ku Makeni.

Ndaona dzanja kumbuyoko. Nenani agogo. Eya, agogo akufunsa kuti kodi magalasi sawononga maso, poti mdzukulu wawo chiyambireni kuvala, chaka chilichonse nambala ikungokwera. Funso limeneli ndimalimva sabata iliyonse, ndipo mwachita bwino kulifunsa pagulu. Agogo, mdzukulu wanu nsapato yake ya chaka chatha ikumukwana? Siikumukwana. Kodi ndi nsapato imene yakulitsa phazi? Phazi likukula lokha, nsapato ikungotsatira. Magalasinso akungotsatira diso. Ena amapempha kuti tiwapatse ofookerako kuti diso lizilimbikira. Anayesa zimenezo ku Malaysia, ndipo ana amene anapatsidwa magalasi ochepekera mphamvu maso awo anaipiraipira msanga kuposa anzawo. Msiyeni avale, ndipo anzake akamamuseka kuti ndi wamaso anayi, inu muzimuuza kuti akuoneka bwino. Mawu a agogo amalemera.

Abambo apa akuti nanga makaroti. Adye ndithu, pamodzi ndi chibwabwa, mapapaya ndi mbatata yofiira m'kati. Zimenezi zili ndi vitamini A, amene amateteza ku vuto losaona usiku ndi kuuma kwa maso. Koma diso lotalika salifupikitsa.

Amayi, nenani. Mwana wanu ndi wachialubino, ndiye za dzuwazi zikukudetsani nkhawa. Zikomo kwambiri kuti mwakumbutsa, ndikanalakwa kuiwala. Mwana wanu dzuwa limamuwotcha khungu ndipo kuwala kumamuthobwa m'maso, choncho iye malamulo ake ndi ena: chipewa chachikulu, malaya aatali manja, mafuta oteteza khungu, magalasi akuda, ndipo azisewera pamthunzi, m'mamawa kapena chakumadzulo. Ana otere ambiri amafunika magalasi kuyambira ali aang'ono, ndipo m'kalasi azikhala kutsogolo. Tikatha pano mundipeze tikambe patokha. Kwa ena nonsenu, mthunzi nawonso ndi panja. Sindikunena kuti muwaike ana padzuwa la mu Okutobala ngati chimanga choyanika. Pansi pa mtengo, pakhonde lotseguka, ulendo wapansi wopita kusukulu, kukatunga madzi, zonsezo zimawerengedwa. Chimene tikufuna ndi maola awiri pa tsiku, ngakhale modukizadukiza. Ndipo dziwani kuti panja pamathandiza kwambiri mwana amene vutoli lisanamuyambe. Amene layamba kale apitebe panja, koma magalasi ndi kuyezetsa chaka chilichonse asasiye.

Za mantha a kumsewu zija, tiyeni tithandizane monga timachitira pa chilimba. Nyumba zisanu zoyandikana, lero mayi uyu akhale pampando panja kuyang'anira ana onse, mawa wina. Homuweki alembere pakhonde dzuwa lisanalowe, m'malo modikira kandulo. Aphunzitsi ndakuonani awiri muno: nthawi ya buleki musawasunge ana m'kalasi kuti amalize manotsi, atulutseni. Phunziro lowerenga limatheka pansi pa mtengo. Ndipo mwana amene akufinya maso, amene akupendeketsa mutu, amene amadzuka kupita kufupi ndi bolodi, amene amakopera kwa mnzake koma mukamufunsa pakamwa amayankha bwino, musafulumire kumulanga. Muitaneni kholo.

Mtsikana wa giredi 5 uja anabweranso sabata yatha kudzatenga magalasi ake. Atavala anatuluka pakhomo, anaima, n'kuwafunsa mayi ake kuti kodi mawaya amagetsi aja analipo kale. Chaka chimene chinatayika sichibwerera, ndipo pa chaka chimenecho diso lake silinaime kudikira. Mayi ake anandilola kuti nkhaniyi ndizikauza makolo ena, bola osatchula dzina.

Nthawi yatha, a tcheyamani akundiyang'ana. Tchati ndaipachika pamtengo wa mango panjapo, ndipo mzere ndajambula pansi ndi khala pamene mwana aziima. Mnzangayu ali ndi foni yoyezera, atenga ana osadziwa zilembo. Tiyamba ndi a giredi 1 mpaka 3, akuluakulu pambuyo. Kholo lililonse liime pafupi ndi mwana wake, ndipo musamunong'oneze yankho, mukatero mwamulakwira. Potseka diso atseke ndi chikhatho, osati zala, chifukwa amasuzumira pampata, ndipo asalipanikize. Amene ali ndi magalasi kale awavale. Amene tim'peze ndi vuto timulembera kapepala kopita nako kukiliniki Lolemba. Aitaneni tsopano anawo, asambe m'manja kaye, fumbi lachuluka.